Momwe mungakonzere TV, PlayStation ndi masipika m'nyumba ya lendi ku Kasungu

Ambiri kuno ku Kasungu timayamba ndi kugula. Munthu walandira ndalama za fodya kapena za kumapeto kwa mwezi, wakwera minibasi ya ku Lilongwe, madzulo wabwera ndi katoni ya TV ndi PlayStation. Ikatha miyezi itatu mumva kuti TV ija inapsa magetsi atangoyaka, kapena pulasitala anagumuka pomwe anakhomerera, kapena aneba omwe akugawana nawo mita asiya kumupatsa moni chifukwa cha mayunitsi. Mavuto atatuwa, a magetsi, a khoma ndi a anthu okhala nawo, ndi amene amagwetsa anthu, ndipo onse amapeweka ngati mwawaganizira musanatsegule katoni. Nyumbayo si yanu. Chilichonse chimene muike chiyenera kuchotseka tsiku losamuka osasiya mkangano.

Zimene muyenera kukhala nazo

Zipangizo zikuluzikulu:
- TV yokhala ndi mabowo a HDMI (olowetsamo waya wa chithunzi ndi mawu) awiri kapena kuposerapo. Ya mainchesi 32 mpaka 43 imakwana pabalaza la nyumba zambiri za lendi.
- Makina osewerera, kaya PlayStation 4, PlayStation 5 kapena Xbox, ndi mapadi (zogwira m'manja posewera) awiri.
- Dikoda ndi dishi kapena eriyo, ngati mukufuna mpira ndi nkhani.
- Masipika kapena sabuwufa (sipika ya mawu ogunda).
- Rauta kapena MiFi, zolumikizira intaneti.

Zotetezera ndi zoikapo:
- TV guard, kachipangizo komwe kamadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri.
- UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi kwa kanthawi akathima, yosachepera 650VA, ndipo ngati muli ndi PlayStation 5, ya 1000VA kapena kuposa.
- Ekisitenshoni yolimba ya mapini atatu, yokhala ndi fiyuzi ya 13A.
- Tebulo kapena kabati yotseguka kumbuyo.

Zida zazing'ono: tepi yoyezera, sikuludilaiva, zomangira mawaya zapulasitiki, tepi yamapepala ndi bolopeni, bulashi yofewa ndi nsalu youma.

Ngati ndalama sizikukwanira zonsezi, chepetsani kukula kwa TV. Musachotse TV guard pamndandanda.

Gawo loyamba: musanalumikize chilichonse

1. Kambiranani ndi alandilodi.

Apitireni nokha, osati kutuma mwana. Nenani zomwe mukufuna momveka bwino: "Bambo, ndimafuna ndiike dishi. Mungandilole kuboola khoma lakumbuyoku, kapena ndingozika mlongoti pansi?" Akavomera, atumizireni uthenga pa WhatsApp wobwereza zimene mwagwirizana, kuti pakhale polozera. Jambulaninso makoma ndi masoketi momwe alili lero. Ming'alu imene munaipeza isadzakhale yanu tsiku lotuluka.

Ngati pa ploti pali mita ya ESCOM imodzi ya mabanja angapo, nkhani ya mayunitsi muiyambe ndinu. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. TV ya mainchesi 43, PlayStation 4 ndi masipika zikayaka pamodzi zimadya mawati pafupifupi 200, ndiye kuti maola asanu amatha yuniti imodzi. Mukamasewera maola asanu tsiku lililonse, pamwezi ndi mayunitsi 30. Hotipuleti imadya kuposa pamenepa kutalitali, koma imaphikira m'nyumba mwakachetechete pomwe masipika anu akumveka ploti yonse, choncho wokayikiridwa mudzakhala inu. Awonetseni anzanu masamuwa ndipo onjezerani gawo lanu lopereka. Njira ina ndi kupempha alandilodi kuti elekitirishani aike kamita kowerengera nyumba yanu yokha.

Chenjezo: wina akakuuzani kuti angakulumikizireni waya wolambalala mita, mukaneni. Ndi mlandu, komanso mawaya oterowo ndi amene amayatsa nyumba.

2. Sankhani ngodya yoyenera.

Yang'anani m'mwamba kaye. Madontho akuda pasiling'i, kapena kabowo kowala m'malata masana, zikukuuzani pomwe padzathonye mu Januwale. Yang'ananinso m'munsi mwa khoma: pulasitala wofufuma ndi chizindikiro cha chinyontho, ndipo kanjira kadothi ndi chiswe, chomwe chidzadya kabati yanu kuchokera pansi.

TV isayang'anizane ndi windo. Masana simudzaona bwino, ndipo usiku aliyense wodutsa pamsewu adzadziwa zomwe zili m'nyumbamo. Masipika asatsamire khoma lomwe kuseri kwake ndi chipinda chogona cha aneba.

3. Yesani soketi.

Pano ndi pomwe anthu ambiri amadumpha, ndipo ndi pomwe ndikufuna muchedwepo. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, ndipo soketi yathu ndi ya mapini atatu amakona. Pini yapamwamba ija ndi ya ethi, waya wotayira magetsi osokera m'nthaka. M'nyumba zina za lendi, makamaka zomwe anachita kuwonjezera zipinda pambuyo pake, mumapeza waya wa ethi sanalumikizidwe n'komwe. TV imayaka bwinobwino, koma zotetezera zambiri zimadalira ethi kuti zigwire ntchito yake mokwanira.

Zizindikiro za soketi yoipa mungazione nokha: yada ngati yapsa m'mbali, ikugwedera, pulagi ikulowa mosagwira, ikuthetheka mukamayatsa, kapena mukumva kunyerenyetsa mukagwira chitsulo cha kumbuyo kwa dikoda. Mukaona chimodzi mwa izi, itanani elekitirishani wodziwa ntchito yake ayese ethi ndi kusintha soketiyo. Auzeni alandilodi asanayambe. Musatsegule soketi nokha ndi mpeni.

Kenako tembenuzani chipangizo chilichonse muwerenge kachikalata ka kumbuyo. Polembedwa 100–240V palibe vuto, ndipo PlayStation 4 ndi 5 zili choncho. Koma zinthu zogula kaunjika kapena zotumiziridwa ndi abale a ku America, monga ma amplifier, kapena adaputa ya Xbox 360, zambiri zimalembedwa 120V pokha. Mukangozilowetsa pasoketi yathu zimapsa nthawi yomweyo. Zoterezi zimafuna kathiransifoma kotsitsa mphamvu.

Mapulagi a mapini awiri ozungulira, kapena a mapini atatu ozungulira a ku South Africa, musawakakamize polowetsa kamtengo pabowo lapamwamba. Gulani adaputa yabwino, kapena elekitirishani aikepo pulagi yathu.

Gawo lachiwiri: kulumikiza

4. Konzani mzere wa magetsi motsatana.

Dongosolo lake ndi ili: soketi yapakhoma, kenako TV guard, kenako UPS, kenako ekisitenshoni yomwe ikupereka ku TV, makina osewerera, dikoda ndi rauta.

TV guard imachita zinthu ziwiri. Imadula magetsi akasokonekera, ndipo akabweranso imadikira pang'ono isanawalole kudutsa. Kudikirako n'kofunika kwambiri chifukwa nthawi yomwe magetsi akungoyaka kumene ndi yomwe amakhala osakhazikika. Mukaona kanyali kake kakudikira, musaichotse poganiza kuti yawonongeka.

UPS ntchito yake si kukuonetsani mpira wonse magetsi atathima. Imakupatsani mphindi zowerengeka kuti musunge masewera ndi kuthimitsa makina bwinobwino. PlayStation ikathimitsidwa mwadzidzidzi ili mkati molemba zinthu pa hard drive, zomwe munasunga zimatha kuwonongeka, ndipo zikamachitika kawirikawiri makinawo amayamba kuchedwa kapena kukana kuyaka. Dziwaninso kuti nambala ya VA si mawati: UPS ya 650VA imanyamula mawati pafupifupi 360, ya 1000VA pafupifupi 600. PlayStation 5 payokha imadya mawati pafupifupi 200 posewera. Sabuwufa musaiike pa UPS, ilowe pa TV guard kapena pasoketi ina yotetezedwa.

Chenjezo: ketulo, simbi yositira, hotipuleti ndi filiji zisalowe pa ekisitenshoni imeneyi. Uzani aliyense wa m'nyumbamo, mpaka mlendo. Musalumikizenso ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake.

5. Ikani TV.

Ine ndimalangiza tebulo, osati khoma. Nyumba zambiri za lendi kuno anamangira njerwa zootcha ndi dothi, n'kupaka pulasitala wa simenti pamwamba. Kunja zimaoneka zolimba, koma mukaboola mumapeza fumbi lofiira lokhalokha, ndipo mabawuti amazuka pang'onopang'ono. Mmisiri wa matabwa aliyense pa msika angakukhomereni tebulo lolimba, lotalika masentimita 50 mpaka 60, lotseguka kumbuyo. Ngati mukufuna TV yooneka ngati yapakhoma, muuzeni aike thabwa lokhuthala loimirira kumbuyo kwa tebulolo, bulaketi imangidwe pathabwapo. Khoma la eni ake silikhudzidwa, ndipo posamuka mumanyamula zonse.

Ngati alandilodi alola kuboola ndipo khoma ndi la simenti, onani kuti mabowo anayi a kumbuyo kwa TV akugwirizana ndi bulaketi musanagule. Boolani panjerwa, osati pamzere wolumikiza njerwa. Musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi kapena switchi, chifukwa mawaya amadutsa mmenemo.

Pakati pa sikirini pakhale pofanana ndi maso anu mutakhala pampando. Pa TV ya mainchesi 43, mpando ukhale pa mamita awiri kapena kucheperako pang'ono. M'nyumba ya ana aang'ono, mangirirani TV kutebulo ndi lamba kuti asaigwetse akamakoka.

6. Lumikizani mawaya, zonse zili zothimitsa.

Makina osewerera pa HDMI yoyamba, dikoda pa yachiwiri. Waya aliyense mumate katepi kolembapo dzina mbali zonse ziwiri. Mawu atuluke kuchokera ku TV kupita ku masipika, kudzera pa bowo lolembedwa ARC, pa optical, kapena pa bowo la mahedifoni. Mukatero, chilichonse chomwe chikuoneka pasikirini chimamveka pamasipika osasinthasintha mawaya. PlayStation 4 Slim ndi PlayStation 5 zilibe bowo la optical, choncho musataye nthawi kulifunafuna.

Mukayatsa, pitani ku zosintha za chithunzi musankhe Game Mode pa HDMI yomwe pali makina osewerera. Popanda izi, mumadina batani koma wosewera pasikirini amachedwa kumenya mpira, ndipo anthu ambiri amanamizira padi.

Waya wa HDMI musamuzulezule. Bowo la HDMI la PlayStation likathyoka mapini, kukonza kwake kumafuna katswiri wowotcherera tizipangizo ting'onoting'ono.

7. Dishi kapena eriyo.

Itanani wodziwa kulozetsa dishi, ntchito imeneyi si yongoyerekeza. M'nyumba ya lendi ndi bwino dishi ikhale pa paipi yachitsulo yozikidwa pansi ndi simenti pang'ono kusiyana ndi kuboola malata. Waya alowere pakona ya windo kapena pa kabowo ka mpweya, ndipo kunja apindike pang'ono kulozera pansi asanalowe, kuti madzi a mvula azidonthera panja m'malo motsata waya mpaka kudikoda.

Chenjezo: mphezi imalowanso kudzera pa waya wa dishi kapena wa eriyo. Zinandichitikira chaka china mu Febuluwale: ndinazula mapulagi onse pakhoma koma waya wa dishi ndinamusiya, ndipo dikoda inapsa pamodzi ndi bowo limodzi la HDMI la TV. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mukamva mabingu akuyandikira, zulani pulagi yapakhoma komanso waya wa dishi. TV guard singalimbane ndi mphezi yogwa pafupi.

8. Intaneti ndi akaunti.

Musanagule rauta, yesani netiweki ya Airtel ndi ya TNM m'nyumba mwanumo, madzulo anthu ambiri ali pa intaneti. Yomwe ikuthamanga kwa mnzanu wa ku Chankhanga mwina kwanu ikuvuta. Rauta ikhale pamalo okwera pafupi ndi windo, ndipo ngati ili ndi bowo la LAN, lumikizani makina osewerera ndi waya. Waya amakhazikika kuposa Wi-Fi.

Chinthu choyamba kuchita mukangolumikiza ndi kuthimitsa zodzitsitsira zokha. Pa PlayStation 4 pitani ku Settings, System, kenako Automatic Downloads, muchotse zonse. Masewera ambiri a masiku ano amapitirira 40GB, ndipo update (zosintha zatsopano za masewera) imodzi yokha imatha kumaliza bandulo ya mwezi wonse inu muli mtulo. Zotsitsa zikuluzikulu muzichitire pa bandulo ya usiku ngati netiweki yanu ili nayo. Makanema a HD pa Netflix amadya mpaka 3GB pa ola, ndiye tsitsani mlingo wa chithunzi ngati bandulo ndi yowerengera.

Tsegulani akaunti yanuyanu, ndi imelo yanu, ndipo lembani pasiwedi m'kope. Dziko lomwe mwasankha potsegula akaunti ya PlayStation silisinthika, ndipo makadi ogulira masewera ayenera kukhala a dziko lomwelo. Khadi la ku America siligwira pa akaunti ya ku South Africa. Kusewera pa intaneti masewera ogula, monga EA Sports FC, kumafuna umembala wolipira wa PlayStation Plus, pomwe aulere monga eFootball safuna.

Ngati m'nyumba muli ana, atsegulireni akaunti yawo ndi kuika malire a nthawi. Nambala ya pachikuto cha disiki, 3, 7, 12, 16 kapena 18, ndi msinkhu woyenera masewerawo.

Gawo lachitatu: kuyesa ndi kusamala

9. Yeserani kuthima kwa magetsi.

Zonse zikuyaka, thimitsani switchi yapakhoma dala. UPS iyenera kulira ndipo TV ndi makina zisathime. Werengani mphindi zomwe ikupirira. Onetsani aliyense wa m'nyumbamo chochita ikalira: kusunga masewera, kusankha Turn Off, kudikira kanyali kathimiretu, kenako kuthimitsa UPS.

Rest Mode, pomwe PlayStation imangogona osathimiratu ndipo kanyali kamayaka ka mtundu wa lalanje, musamaisiye usiku kapena pochoka. Makina amakhala akadali moyo, ndipo magetsi akathima zimakhala ngati mwazula pulagi. Ngati PlayStation 4 yayamba kuchedwa itathimitsidwa molakwika kangapo, ithimitseni, gwirani batani loyatsira mpaka ilire kachiwiri, lumikizani padi ndi waya wa USB, musankhe Rebuild Database. Izi sizifufuta masewera anu. Musadine polembedwa Initialize, pamenepo zonse zimafufutika.

10. Ngati mukufuna kusewerabe magetsi atathima.

Pamafunika inverter, chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi ngati a pasoketi, ndi batire, kapena sola. Sankhani inverter yolembedwa pure sine wave. Zotchipa zija zimachititsa masipika kung'ung'udza ndipo zimatenthetsa zipangizo. Batire ya 12V 100Ah imasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma yamtovu wamba siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse. Ndiye pa mawati 200 yembekezerani maola osakwana atatu. Batire ikhale pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi ana. M'nyumba ya lendi, inverter ikhale yoima payokha, zipangizo zizilowa pa iyo mwachindunji. Musailumikize ku mawaya a nyumba. Jenereta isayakire m'nyumba kapena pakhonde lotsekedwa, utsi wake umapha mwakachetechete.

11. Kutentha, fumbi ndi mphemvu.

Mu Okutobala ndi Novembala, nyumba ya malata yopanda siling'i imatentha ngati uvuni. Makina osewerera akhale ndi mpata wa masentimita 10 kapena kuposa mbali zonse, asatsekeredwe m'kabati ya magalasi, asakhale pansi, komanso asasanjikizidwe ndi dikoda. Ngati fani yake ikulira ngati chigayo, ipumitseni. Kansalu kokongoletsa kaja kaikidwe pokhapokha makina atathima ndi kuzizira.

Fumbi la chilimwe lichotseni ndi bulashi yofewa m'mabowo a mpweya sabata iliyonse. Mphemvu zimakonda mdima ndi kufunda kwa mkati mwa PlayStation, ndipo zikakhudza mbali ya magetsi zimaotcha makina. Musadyere pafupi ndi tebulolo. Musapopere mankhwala ophera tizilombo mkati mwa makina. Poperani m'chipinda makinawo mutawatulutsa.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kugula makina ogwiritsidwapo kale osawayesa. Pemphani wogulitsa awayatse musewere kwa theka la ola. Yesani disiki, mabatani onse a padi, ndipo onani ngati wosewera sakuyenda yekha inu musanakhudze kalikonse. Funsani kuti masewera omwe ali mkatimo ali pa akaunti ya ndani. Ngati ndi ya munthu wina, tsiku lomwe adzasinthe pasiwedi kapena kuchotsa makina anu pa akaunti yake, masewera onse adzatsekeka. Pemphaninso lisiti kapena kalata yogulitsirana, ndipo lembani nambala ya kumbuyo kwa chipangizo chilichonse. Zikadzabedwa, apolisi adzakufunsani nambala imeneyo.

Kugula ekisitenshoni yopepuka ya waya woonda. Iyatseni kwa ola limodzi mugwire waya ndi pulagi. Ngati zafunda, musaigwiritsenso ntchito.

Kudutsa waya pansi pa kapeti kapena pachitseko. Amaphwanyika mkati osaoneka. Muyendetseni m'mbali mwa khoma ndi timabulaketi tomata, osati misomali.

Kutchajira padi pa chaja ya foni yosadziwika bwino. Tchajirani pa makina enieniwo.

Kukweza sabuwufa usiku. Mawu akuluakulu aja amadutsa m'njerwa mosavuta kuposa momwe inu mukuwamvera. Ikani sabuwufa pa kalabala kapena pa kapeti, patali pang'ono ndi khoma, ndipo ikakwana 9 koloko usiku gwiritsani ntchito mahedifoni, omwe amalowa pa padi pomwepo. Tsiku la mpira waukulu, aitaneni aneba aonere nanu.

Kutaya makatoni panja pa geti. Katoni ya TV pa dzala imauza akuba zomwe zalowa m'nyumba. Isungeni pamwamba pa wadiropu pamodzi ndi zotchingira zake zoyera zija, chifukwa tsiku losamuka mudzaifuna. TV inyamulidwe itaimirira, osati chogona, ndipo ikhale kutsogolo kwa galimoto ndi munthu woigwira, osati kumbuyo kwa lole pakati pa mabedi ndi matumba a chimanga. Musanapereke makiyi, tsekani bowo lililonse lomwe munaboola ndi simenti pang'ono, pakani penti yofanana, kenako itanani alandilodi aone makomawo inu mulipo, zithunzi za tsiku loyamba zija zili pafoni.